Anamuyeza ndi Bango Ali Moyo

Amuna anga anali ndi manja aluso, zimenezo sindingakane ngakhale nditakwiya chotani. Anayamba ntchito pafakitale yolumikiza magalimoto muno mu Livingstone, komwe ankamata ndi kusalaza zitsulo zisanapakidwe utoto. Fakitale itatsekedwa, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, anaphunzira kusema mvuu ndi njovu, n'kumapikulitsa kwa anthu a ku Mukuni omwe ankakagulitsa kwa alendo ku Mosi-oa-Tunya. Tinkakhala ku Maramba ndi ana athu awiri, ine ndikugulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika. Munthuyo sankamwa mowa, sankamenya, koma anali wosayankhula. Ukamufunsa chimene akuganiza ankangoti palibe, kwinaku akupala mtengo. Ine munthu wosayankhula ndimamuopa kuposa wolongolola, chifukwa wolongolola umadziwa pamene waima.

Mlongo wanga, wondipondera pamutu, ankakhala nafe. Ntchito yake inali yonyamula mabwato a mphira amene azungu amakwera pamtsinje kumunsi kwa mathithi, kutsika nawo m'chigwa m'mawa, kukwera nawo madzulo. Ntchito imeneyo inamuumba thupi. Chifuwa chinali ngati chitseko, ndipo malaya ankavala pokhapokha popita kutchalitchi. Atsikana a pamsika ankagula kwa ine zovala zomwe sankazifuna, kuti apeze poyambira kufunsa ngati iye ali bwino. Mwiniwake ankazidziwa ndipo ankayenda nazo modzitukumula. Ndinamubereka kumsana ali khanda, choncho ndinali ndi ufulu womunyoza, ndipo ufuluwo sindinkausiya kuti uchite dzimbiri.

Nthawi imeneyo nyumba zoonetsera mafilimu a pavidiyo zinali zitabuka paliponse m'makomboni. Mwini wa ina, pafupi ndi msika, anaona kuti anzake akumulanda anthu. Anabwera kwathu tsiku lina n'kunena kuti akufuna chidole chachikulu ngati munthu weniweni, cha ngwazi ya mufilimu ina yomwe anyamata ankaikonda, kuti chiziima pakhomo pake. Ngwaziyo inali munthu wakuda wa kunja, womenya nkhonya, wosavala malaya, wa chipsera chochokera paphewa mpaka pamimba, tsitsi lometa lathyathyathya pamwamba lija tinkati tebulo. Amuna anga anapita kukaonera filimuyo kangapo. Mwini vidiyo ankawaimitsira tepi kuti ajambule, koma chithunzi chikaima chinkanjenjemera n'kudzaza mizere, moti nkhope sinkaoneka bwino. Anabwerako ndi mapepala ojambulajambula, maso akuwala monga sindinawaonepo chitsekereni fakitale. Ndinakondwera nawo. Izi ndikunena dala, kuti wina asamati ndinadana nacho chinthucho kuyambira pachiyambi.

Loweruka lina masana ndikuchokera kumsika, mtolo uli pamutu, ndinapeza mlongo wanga atagona chagada pabwalo, manja atawongola m'mbali, maso atatseka chifukwa cha dzuwa. Amuna anga anali atagwada pambali pake ndi bango lomwe anasolola kumpanda wa bafa. Analiika kuyambira kuchidendene mpaka kumutu, n'kulithyola pamene mutu unathera.

Mtolo unagwa wokha.

"Muchita chani imwe?" ndinakuwa.

"Nimupima chabe," anatero amuna anga, osadzuka n'komwe. "Tepu yanga yopimila ba neba banabweleka, sibanabweze. Ba mulamu ni saizi imozi na uja wa mu filimu."

"Na bango? Munthu wamoyo mumupima na bango?"

Kwathu ku Katete bango ndi loyezera maliro. Munthu akamwalira, adzukulu amatenga bango, kumuyeza chigonere, n'kupita nalo kumanda kuti adziwe kutalika kwa dzenje. Ndinaziona ndili mtsikana, tisanabwere kuno ndi atate pantchito yawo ya njanji, ndipo sindinaiwale. Amuna anga anabadwira ku Libuyu, atate awo Mlozi, amayi awo Mtonga, anakulira m'tauni momwe bokosi amagula kwa kalipentala. Anati zimenezo sanamvepo chibadwire. Mwina n'zoona. Koma pabwalo pomwepo panali chingwe choyanikira zovala, panali waya, panali matabwa. Ndinadzifunsa kuti dzanja lawo linadumphiranji zonsezo n'kukagwira bango.

Mlongo wanga anadzuka akusansa fumbi kumsana, akuseka.

"Ba sisi, va ku munzi ivo. Ine nizafa nili nkhalamba, mano yonse yatasila."

Ndinalanda bangolo, kulithyolathyola n'kuliponya pambaula. Sizinathandize. Muyeso unali utalembedwa kale ndi khala pakhoma la kuseri.

Ntchito inayambika pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba, pamene amuna anga anatchinga ndi masaka. Poyamba anapinda zitsulo zomangira nyumba kukhala mafupa, n'kuzikulunga ndi waya wa khola la nkhuku, m'kati n'kutsendera masaka akale. Kenako anayamba kumata mapepala a matumba a simenti oviika m'phala la chinangwa, kuyanika, kumatanso. Pamwamba pake anapaka utuchi wosakaniza ndi guluu, ndipo pomaliza fila, phala lija amamatira magalimoto ogundidwa, lonunkha moti mutu unkawawa. Mlongo wanga akaweruka, ankamuitana kuti akunge mkono. Ankaugwira ndi zala, kusisita kuchokera paphewa mpaka pachigongono, maso atatseka, kenako n'kutembenukira kuchidole kukaumba zomwe zala zamva. Mitsempha anapangira ulusi woviika m'guluu. Zikhadabo anadula kuchigubu choyera cha mafuta, mano anasema ku fupa la ng'ombe, maso anadula pansi pa botolo lakuderako n'kuwanola pamwala mpaka anachita bulunge. Buluku ndinapereka ndine, lochokera m'mtolo wanga, chifukwa panthawiyo mtima unali utayamba kutsika. Jombo anatenga zakale za mlongo wanga, zomwe ankatsikira nazo kumtsinje.

Ndiyenera kunena kuti chinali chokongola. Ndikanachiona kwa wina, ndikanaomba m'manja. Ana athu ankachipatsa moni m'mawa, ndipo galu wa oyandikana nafe anachiuwa mpaka mawu anamuthera.

Kuzizira kutafika mlongo wanga anayamba kutsokomola. Tinati ndi nkhungu ya kumathithi, popeza ankakhala wonyowa tsiku lonse. Anamwa mandimu, anamwa mapiritsi a m'kantini, chifuwa osatha. Tsiku lina anabwera dzuwa likadali pamutu, akuti bwato lamukanika pakati pa chitunda ndipo anzake amuuza kuti akapume. Sanabwererekonso.

Mayi woyandikana nafe, yemwe mwamuna wake anabwereka tepu ija, anali wa maso ataliatali. Mpanda wathu anaudziwa kuposa mphika wake. Amuna anga ankati chidole, koma iye ankati chimunthu, ndipo dzina lakelo ndi lomwe linafala mumzere wonse wa nyumba. Tsiku lina tili pampopi anandikoka chitenje.

"Ba neba, simuona? Chimunthu chija chinenepa, ba mulongo banu bayonda."

Ndinamutukwana mpaka chidebe chake chinasefukira iye osaona. Ndinamuuza kuti ayambe wabweza tepu ya eni ake asanayambe kuyeza abale a anthu. Koma nditafika kunyumba ndinaika chidebe pansi n'kukaima kuseri. Amuna anga anali akuonjezera fila pamapewa. Mlongo wanga anali atakhala pachitsa akuwaonerera, atafunda jekete, mafupa a m'khosi atatuluka. Ndinayang'ana uyu, ndinayang'ana icho. Mayi uja anali wamiseche, koma maso ake sanali onama.

Ndinapita ndi mlongo wanga kukiliniki. Anati ndi chifuwa chachikulu, n'kumupatsa mapiritsi ochuluka. Zaka zimenezo maliro ankachitika mumzere uliwonse wa nyumba, ndipo ambiri anali a anthu a msinkhu wathu. Matendawo sitinkawatchula dzina, tinkangoti a masiku ano. Sindinali mwana. Za atsikana a mlongo wanga ndinkazidziwa, ena ndinkawathamangitsa ndekha pakhomo. Koma kudziwa chinthu chimodzi sikuchotsa chinzake mumtima. Anyamata ena ankayenda kuposa iye ndipo anali akunyamulabe mabwato. Iwo palibe amene anawagoneka pansi n'kuwayeza ndi bango.

Kenako inafika nkhani ya tsitsi. Amuna anga anayesa khonje wopaka polishi wa nsapato, mutu unaoneka ngati tsache. Anayesa ubweya wa mbuzi, unagona pansi m'malo moima. Kwa masiku angapo chidole chinakhala ndi dazi, iwo akuchizungulira osayankhula. Tsiku lina ndinabwera kumsika n'kupeza mlongo wanga ali mpala, mutu ukuoneka waung'ono ngati wa mwana. Tsitsi lake linali m'kapepala pamiyendo pa amuna anga. Ankatola pang'onopang'ono, kuviika m'guluu, n'kubzala pamutu pa chidole ndi singano.

Kwathu tsitsi ukameta umakalitaya kuchimbudzi kapena kulikwirira pamene munthu sakuona. Ngakhale mwana amadziwa kuti tsitsi ndi zikhadabo sasiyira munthu wina. Izi sindingati amuna anga sankazidziwa, chifukwa ngakhale Alozi ndi Atonga amaziopa.

"Napasa neka, ba sisi," anatero mlongo wanga asanafunsidwe. "Ma pilisi yanipyesa mumutu, nenze kufuna kugela kudala."

Ndinafunsa amuna anga kuti bwanji osakatola kwa ometa, komwe tsitsi limangosesedwa.

"Ya ku baba ni yosakaniza," anatero. "Ina ni yofiila, ina ya imvi, ina ya bana. Siingakhale bwino."

Yankho lomveka. Ndicho chinkandisautsa. Funso lililonse linali ndi yankho lomveka, loperekedwa mofatsa, maso ali pantchito. Tepu anabwereka, tsitsi n'losakaniza, jombo zinali zongotayidwa. Akanakwiya, akananditukwana kamodzi kokha kuti ndikuwaganizira zoipa, mwina ndikanapepesa n'kuiwala. Koma ankangoyankha n'kupitiriza kubzala tsitsi.

Ndinayamba kuwalonda amuna anga a m'nyumba. Ndikamachapa ndinkanunkhiza m'matumba a mabuluku. Akapita ku Mukuni kukapereka mvuu, ndinkafukula pansi pa mtengo wa mango ndi kamtengo, kufuna mizu kapena kanyanga. Ndinapeza misomali yopindika ndi kaliwo kamodzi koseweretsa ana. Ndinapisa dzanja kumsana kwa chidole, pamene panali pasanatsekedwe, ndinakhudza masaka okhaokha. Sindinapeze kanthu, ndipo kusapezako sikunandikhazike mtima pansi. Ndinkati munthu wochenjera sangasiye pamene mkazi wake angafukule.

Ndinafika poganiza kuti mwina filimuyo kulibe. Tsiku lina ndinasiyira mnzanga mtolo n'kukalowa m'nyumba ya vidiyo, mayi wa ana awiri, kukhala pabenchi pakati pa anyamata onunkha thukuta. Anandiseka, ndinawayang'ana, analeka. Filimuyo inalipo. Munthu wa chipsera analipo, akumenya anzake ngati akupuntha mapira. Thupi linali lomwelo, tsitsi lomwelo. Koma nkhope inali ina, yotakata, ya mphuno yophwanyika. Ndinatuluka filimu isanathe, ndinathamangira kunyumba, n'kuvundukula saka lomwe ankaphimbira mutu wa chidole. Mpata wa pakati pa mano apamwamba unali wa mlongo wanga. Khutu lamanzere lotuluka pang'ono, lomwe ndinkamukoka ali mwana, linali lake. Ngakhale kamwedwe ka milomo akafuna kunena chipongwe kanali kake.

"Nkhope iyi ni ya ndani?" ndinawafunsa madzulo ake.

Anachiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuchiona koyamba.

"Pa tepi nkhope siioneka bwino," anatero. "Kapena manja yachita chamene maso yaona masiku yonse."

Kuyambira tsiku limenelo chakudya cha mlongo wanga ndinkapakula ndekha ndi kumupatsa ndekha. Madzi omwera mapiritsi ndinkatunga ndekha. Amuna anga akatenga kapu kuti amupatse, ndinkailanda ngati ndikufuna kuitsuka. Anaziona. Sanafunse. Ankangobweza dzanja n'kupita kuseri, ndipo posakhalitsa ndinkamva sandipepala ikulira pamsana pa chidole. Ndinkawakonda amuna anga, ndipo ndinkawaopa, zonse ziwiri nthawi imodzi. Sindinkadziwa ngati ndikugona ndi bambo wa ana anga kapena ndi munthu amene akundidyera mbale wanga.

Chondipweteka china chinali chakuti mlongo wangayo ankachikonda chinthucho. Mphamvu zikamulola ankadzikoka kupita kuseri, kukakhala pachitsa chija. Ankawauza alamu ake kuti aonjezere pamkono apa, achepetse pamimba apo, chipsera chikhale chofiirira. Awiriwo ankaseka. Ine ndikafika kuseka kunkatha.

Amayi ankakhala ku Dambwa, m'nyumba yomwe atate anasiya. Za bango sindinawauze, chifukwa ndinkadziwa mapeto ake. Koma mayi woyandikana nafe uja anali ndi mlamu wake wopemphera mpingo umodzi ndi amayi, ndipo nkhani inayenda yokha. Amayi anafika m'mawa wina atavala duku loyera, osapereka moni, n'kulunjika kuseri. Anavundukula saka. Anaima kaye, kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo, miyendo atawongola.

"Fano ili lili ndi tsitsi la mwana wanga?" anafunsa.

Ndinavomera.

"Ndipo anamuyeza ndi bango, iwe ukuona?"

"Ndinapeza atayeza kale, amama. Ndinalitentha."

"Unatentha bango, n'kusiya ichi chikukula m'nyumba mwako? Iwe mwana iwe, ndinakulera ine?"

Sanadye, sanamwe madzi. Analowa kukaona wodwala, anatuluka akupukuta m'maso, n'kunena kuti Lamulungu tikatuluka kutchalitchi abwera ndi amalume, omwe anali ankhoswe a ukwati wathu.

Sabata imeneyo chidole chinatha. Amuna anga anachipaka utoto wakuda wosakaniza ndi wofiira, n'kupukuta ndi mafuta kuti chizioneka ngati chatuluka thukuta. Mwini vidiyo anabwera kudzaona, anazungulira akuimba mluzu, n'kunena kuti Lolemba abwera ndi ngolo kudzatenga. Anati wamva kuti eni mahotela a kumathithi amafuna zinthu ngati zimenezi, ndipo akachiona pakhomo pake ntchito zidzabwera zokha. Amuna anga anamwetulira. Kwa iwo chinthucho chinali njira yotulukira m'mvuu ndi njovu zomwe aliyense ankasema.

Lamulungu tinakhala pabwalo. Amalume anakhala pampando, amayi pamphasa, amuna anga patali pang'ono atatembenukira kumbali monga mkamwini amachitira pamaso pa apongozi. Ana tinawatumiza kwa anzawo. Mlongo wanga anali m'nyumba, tulo titamutenga. Amayi sanazungulire. Anati iwo sanabwere kudzatchula munthu kuti ndi mfiti, chifukwa ndi Mkhristu, koma maso ali nawo. Anati fanolo lipse lero, apo ayi atenga ana awo onse awiri ndi adzukulu omwe, ndipo ukwati uthere pomwepo.

"Ni chidole chabe, ba pongozi," anatero amuna anga, mawu ali pansi. "Mapepa na waya. Ba mulamu nimabakonda monga mufana wanga. Mailo chichoka pano, simuzachionanso."

"Chipite kumsika ndi tsitsi la mwana wanga, aliyense azichigwira?" anatero amayi. "Ayi, bambo."

Amalume anali munthu wosakonda phokoso. Anakanda chibwano, anati mbali zonse zamveka, koma mwini nyumba sanayankhule. Onse anatembenukira kwa ine.

"Nanga iwe ukuti chiyani? Mwamuna ndi wako, wodwala ndi mlongo wako."

Amuna anga anandiyang'ana. Pa zaka zonse za ukwati wathu sanandipemphepo kanthu ndi maso, koma tsiku limenelo anapempha. Ndinaganiza za miyezi yomwe anathera pansi pa mango uja, zala zitang'ambika ndi waya. Kenako m'nyumba munamveka chifuwa, chija chochokera pansi pamimba, chosafuna kutha.

"Chipse," ndinatero.

Ndinanena ndekha, palibe anandikakamiza. Kukanakhala mwayi wochepa chotani woti mlongo wanga achira, ndikanatentha ndi nyumba yomwe.

Amuna anga sanatsutse. Anadzuka, anapita kuseri, n'kubwera atachikumbatira m'chiuno, mapazi ake a jombo akukwekwereza pansi. Amalume anafuna kuwathandiza, iwo anapukusa mutu. Anachiimika kudzala, anachotsa fumbi lomwe linagwera paphewa, ndipo mpaka lero sindimvetsa kuti ankachotseranji. Anathira palafini kuyambira kumutu. Machesi anayatsa okha.

Moto unagwira tsitsi poyamba. Fungo lake linali la tsitsi la munthu, ndipo amayi anayamba kupemphera mokweza. Fila inasweka n'kutulutsa utsi wakuda womwe unakokera anthu kumpanda. Mayi woyandikana nafe anali patsogolo, atanyamula mwana kuti naye aone.

Sindinamve chitseko chikutseguka. Nditatembenuka ndinaona mlongo wanga ataima pakhomo, atagwira mphuthu ndi manja onse awiri, bulangete likugwa paphewa. Miyendo yake inali ngati ya mpando. Anayang'ana motowo, chifuwa cha chidole chikutseguka n'kuonetsa waya.

"Mwachita chani imwe?" anatero. "Mwaocha ine wonenepa, mwasiya woyonda?"

Anafuna kuseka, chifuwa chinamugwira. Chitamusiya anapukuta pakamwa n'kuyang'ana kwa ine.

"Nenze kufuna bakazinipeza paja pa vidiyo, ba sisi. Bakaziona mwamene nenzelili."

Amuna anga ndi amene anapita kukamugwira, ndipo ulendo uno sindinawaletse. Anamunyamula ngati mwana kubwerera naye pamphasa.

Amayi anamutenga mlongo wanga kupita naye ku Dambwa sabata yomweyo. Anamwalira mango atayamba kupsa, mvula isanagwe. Amayi anati tinachedwa kutentha. Mayi woyandikana nafe, yemweyo amene anayambitsa, anayamba kuuza anthu kuti kutenthako n'kumene kunamumaliza. Namwino wa kukiliniki, yemwe ankagula madiresi kwa ine, anandiuza mwakachetechete dzina la matendawo n'kunena kuti chidole sichipha munthu. Onse ndinawamva. Palibe amene anandichotsera funso langa la bango, ndipo amuna anga sindinawafunsenso.

Pamaliro amuna anga anagwira ntchito kuposa aliyense. Anatema nkhuni, ananyamula bokosi, anagona panja ndi amuna anzawo. Mwini vidiyo anawanenera zoipa pamsika monse, iwo osayankha. Anabwerera ku mvuu ndi njovu zawo. Ukwati sunathe, ndipo sananditchulirepo za Lamulungu lija ngakhale tikakangana.

Amuna anga ndi amene ankameta ana athu chibadwire, ndi lezala ndi chipeso, pakhonde, mwana atakhala pakati pa miyendo yawo. Sukulu zitayandikira kutsegulidwa, wamkulu anatenga chipeso monga mwa nthawi zonse, n'kukadzikhazika pamalo pake, mutu ataweramitsa. Amuna anga anali atatambasula kale dzanja. Linaima m'malere, pamwamba pa mutu wa mwanayo, ndipo anayang'ana kwa ine. Kenako anamugwira m'khwapa n'kumuimiritsa.

"Yenda kuli bamako, bakupeleke ku baba."

Mwanayo analira, akufunsa chimene walakwa. Ine chisoni chinandigwira, koma pansi pa chisonicho mtima unakhala m'malo, ndipo iwo anaziona pankhope panga. Anatola mvuu yomwe ankasema n'kupitiriza kupala. Ndinamugwira dzanja mwanayo kupita naye kwa ometa kumsika, ndipo atate ake sanakhudzenso mutu wa mwana wawo aliyense mpaka onse anakula.